Za Amisiri Osema a ku Mua ndi Mitengo Yao

Munthu akatsika mapiri a Dedza kulinga kunyanja afika pa Mua, pamene ansembe a White Fathers anamanga misyoni m'chaka cha 1902. Iwo asanadze, eni dziko anali kudziwa kale mtengo uliwonse ndi ntchito yake. Khungwa la mombo anali kulipuntha kufikira lisanduke nyanda yovala. Muwanga, popeza ngwouma, unawapatsa minsi ndi nsichi. Mlombwa unawapatsa ng'oma.

Luso limeneli likadatsalira pa zipangizo za pakhomo zokha. Koma m'chaka cha 1976 Bambo Claude Boucher wa ku Canada, amene anafika kuno mu 1967 napatsidwa mfunda wa Chisale, anasonkhanitsa osema a m'midzi yozungulira nayambitsa malo otchedwa Kungoni. Pamenepo amisiri anayamba kusema Ambuye Yesu ndi amai ake Maria ndi nkhope zonga zathu, ndipo zosema zao zinalowa m'matchalitchi a kuno ndi a kutsidya la nyanja.

Tsono mmisiri weniweni salamula mtengo ai, amayamba waupenya. Mlombwa ukatemedwa utulutsa utomoni wofiira ngati mwazi, ndipo thabwa lake silipindika likauma. Nchifukwa chake osema aukonda koposa. Phingo ali ndi mtima wakuda bii, koma kunja kwake nkoyera, ndipo wochenjera amasiyako koyerako kuti chosema chikhale cha maonekedwe awiri popanda utoto. Phingo yemweyo Azungu amapangira zitoliro za mtengo wapatali.

Apa ndipo pagona vuto, abale. Mitengo iyi imakula pang'onopang'ono: wosema lero akudya za mtengo umene unamera agogo ake ali ana, pamene wootcha makala augwetsa m'mawa umodzi. Ena amaloza chala osema. Ife tiyesa kuti nkhwangwa ya makala ndi ya ocheka matabwa yapululutsa yochuluka koposa sompho wa mmisiri. Maiko a m'pangano la CITES anaika malire pa malonda a phingo kuyambira 2017, ndi a mlombwa ndi mbawa kuyambira 2023.

Pa phiri la Dedza boma la atsamunda linabzala paini wochokera kunja. Iye amakula msanga, napatsa matabwa a denga ndi mabokosi. Koma ngwofewa, chiswe sichimleka, ndipo wosema mtanda wa m'tchalitchi amampitirira kukafuna mlombwa kunkhalango.