Rocky Marciano: Sanagonjepo, Koma Anamenya Yani?

Ikabuka nkhani ya nkhonya za amuna olemera kwambiri, mayina amene amathamangira pakamwa ndi a Muhammad Ali ndi Mike Tyson. Koma pakapezeka mkulu wodziwa zakale, amakhosomola pang'ono n'kunena kuti, "Ana inu, onsewo anagonjapo. Alipo mmodzi yekha amene anapuma ali ndi lamba osalawako kugonja." Munthuyo ndi Rocky Marciano wa ku America. Anamenya nkhonya zolipidwa 49, anapambana zonse, ndipo 43 mwa izo sizinafike kumapeto chifukwa mnzakeyo anali atagwa kapena woyimbira ataletsa. Papita zaka pafupifupi 70 chipumireni iye, koma mkangano sunathe: kodi 49 ameneyu ndi wolemera monga amamvekeramo?

Dzina lake lenileni linali Rocco Marchegiano. Anabadwa mu 1923 ku Brockton, m'chigawo cha Massachusetts, kwa makolo ochokera ku Italy, ndipo bambo ake ankagwira ntchito pa fakitale ya nsapato. Nkhonya anaziyamba mochedwa, ali msilikali. Thupi lake silinali loopsa ayi: ankalemera makilo pafupifupi 85, ndipo mikono yake inali yaifupi, masentimita 173 akaitambasula yonse. Mphunzitsi wake, Charley Goldman, anamuphunzitsa kuwerama, kulowa pafupi ndi kumenya osapuma, paphewa, pamkono, paliponse pamene nkhonya yagwera.

Otsutsa amayamba ndi zaka za anthu amene anawamenya, ndipo apa ali ndi mfundo, tisawanyoze. Mu October 1951 anakumana ndi Joe Louis ku Madison Square Garden, n'kumugwetsera kunja kwa zingwe mu raundi ya 8. Dzina ndi lalikulu, koma Louis anali ndi zaka 37, anali atapuma kale, ndipo chinamubweza m'bwalo ndi ngongole ya msonkho. Jersey Joe Walcott, amene Marciano anamulanda lamba pa 23 September 1952 ku Philadelphia, anali ndi zaka 38. Archie Moore, womaliza kumenyana naye mu September 1955, zaka zake anthu amatsutsana nazo mpaka lero, ena amati 38 ena 41. Ndiye wina amafunsa kuti, eti kugwetsa madala atatu ndiye ukatswiri?

Amawonjezanso kuti Moore ndi Ezzard Charles sanali olemera kwenikweni. Anakulira m'magulu a opepukirapo, anachita kukwera. Ndipo lamba Marciano anauteteza maulendo 6 okha, pamene Joe Louis anauteteza maulendo 25.

Koma pali malo ena amene ine ndimaona kuti 49 uja amagwedera kwambiri, ndipo ambiri sawatchula. Mu 1949 anamenyana ndi Ted Lowry, munthu amene anali atagonja kambirimbiri, nkhonya n'kufika raundi ya 10. Oweruza anapatsa Marciano, koma ambiri amene anaonera anati Lowry ndiye anachita bwino. Kenako mu March 1950 anakumana ndi Roland LaStarza, mnyamata wamng'ono kwa iye amenenso anali asanagonjepo. Woweruza wina anapatsa LaStarza, wina Marciano, wachitatu anati afanana, ndipo zinatengera kuwerenga mapointi owonjezera kuti Marciano apambane. Cholembera chimodzi chikanapendekera mbali ina usiku umenewo, bwenzi lero tikunena 48 ndi 1, ndipo mwina nkhani ino sitikanailemba n'komwe. Komanso tisaiwale kuti 49 amawerenga nkhonya zolipidwa zokha. Asanakhazikike pa zandalama anagonjapo, mwachitsanzo kwa Coley Wallace mu 1948.

Tsono timve mbali inayo. Madala aja sanali nkhalamba zogwira ndodo. Louis anali atapambana nkhonya 8 zotsatizana asanakumane ndi Marciano. Walcott ndiye anali mwini lamba, ndipo usiku wa ku Philadelphia anamugwetsa Marciano mu raundi yoyamba yomwe, chinthu chimene chinali chisanachitikepo. Pofika raundi ya 13 Walcott anali patsogolo pa mapepala a oweruza onse. Anangotsala kuti aime chilili maraundi atatu. Ndiye anabwerera kuzingwe, onse awiri n'kuponya dzanja lamanja nthawi imodzi, la Marciano n'kuyamba kufika. Walcott anagwada pang'onopang'ono, mkono umodzi utakola chingwe, osadzukanso mpaka woyimbira anamaliza kuwerenga. Amene anaonapo kanema wake sakangana zakuti munthuyu anali ndi dzanja kapena ayi.

Nanga Charles? Mu 1954 anali ndi zaka 32 pa nkhonya yawo yoyamba, osati dala ayi, ndipo anali atagwirapo lamba yemweyo. Anamenyana maraundi 15 onse mu June, Marciano n'kupambana movutikira. Atabwerezana mu September, mphuno ya Marciano inang'ambika pakati, magazi ali chuchuchu, moti nkhonya ikanatha kuletsedwa nthawi iliyonse iye n'kuluza lamba. Podziwa zimenezo analowa ngati wamisala, n'kumugwetsa Charles mu raundi ya 8. LaStarza uja anamupatsanso mwayi mu 1953, n'kumumaliza mu raundi ya 11. Moore naye anamugwetsa Marciano mu raundi yachiwiri, koma Marciano anadzuka n'kumumaliza mu ya 9. Ndipo Moore yemweyo anapitiriza kusunga lamba wa gulu lake zaka zingapo pambuyo pake, mpaka anadzamenyana ndi Cassius Clay mu 1962.

Kodi alipo amene anamuthawa? Dzina lotchulidwa kawirikawiri ndi la Nino Valdes wa ku Cuba, chimunthu chachitali ndi cholemera. N'zoona sanakumane. Koma Valdes anagonja kwa Moore mu May 1955, ndipo wopambanayo ndi amene Marciano anamenyana naye. Sonny Liston anali akungoyamba kumene, Floyd Patterson anali mnyamata. Munthu sungamuimbe mlandu chifukwa chosamenya anthu amene nthawi yawo inali isanakwane. Chimene tinganene n'chakuti anadziwa nthawi yochokera. Anapuma mu April 1956 ali ndi zaka 32, pamene Louis, Ali ndi Tyson anakakamira mpaka ana anawanyazitsa. Mbali ina ya 49 uja ndi nzeru yodziwa kuima.

Nkhani ya thupi ndiyo yovuta. Ndi makilo 85, lero sakanamulola n'komwe kutchedwa wolemera kwambiri, akanakhala m'gulu la cruiserweight lomwe malire ake ndi makilo pafupifupi 90. Kumuika pamaso pa Lennox Lewis kapena Wladimir Klitschko, ine ndalama yanga sindingaike pa Marciano. Komabe Oleksandr Usyk anachokera m'gulu lomwelo la cruiserweight n'kugonjetsa Anthony Joshua mu 2021 ndi 2022, kenako Tyson Fury kawiri mu 2024, kotero kukula pakokha sikuthetsa mlandu, ngakhale Usyk naye ndi wamkulu kuposa momwe Marciano analili.

Kuona kwanga n'kotere: amene amati Marciano ndi woposa onse chifukwa cha 49 akukokomeza. Ali anagonja kasanu, koma anamenya Liston, Frazier ndi Foreman ali m'mphamvu zawo, ndipo pa mndandanda wa Marciano palibe dzina lotero pa msinkhu wotero. Koma amene amati anali wamwayi chabe nawonso ayese kufotokoza chifukwa chake palibe wolemera wina wapuma ndi lamba ali ndi mbiri yotereyi. Larry Holmes anafika pa 48 osagonja. Pa 21 September 1985, zaka 30 ndendende chichitikireni nkhonya ya Marciano ndi Moore, Holmes analowa m'bwalo kuti akwanitse 49, n'kuluza pa mapointi kwa Michael Spinks, munthu wochokera m'gulu la opepukirapo. Ndi mtima wowawa analankhula zonyoza Marciano, pambuyo pake anapepesa. Floyd Mayweather anafika pa 50 mu 2017, koma iye si wa gulu la olemera, ndipo wa 50 wakeyo anali Conor McGregor, amene inali nkhonya yake yoyamba yolipidwa.

Mwini wake sanaone zonsezi. Anamwalira pa ngozi ya kandege kakang'ono ku Iowa pa 31 August 1969, kutatsala tsiku limodzi kuti akwanitse zaka 46. Nthawi yochepa izi zisanachitike, iye ndi Ali anajambulitsa nkhonya yongoyerekeza, kuti kompyuta isankhe wopambana. Kanemayo anaonetsedwa mu January 1970, ndipo ku America anthu anaona Marciano akugwetsa Ali mu raundi ya 13.