Kuguga ndi Kukokoloka kwa Nthaka

Pa wailesi ndi pamisonkhano ya alimi ndimamva anthu akusinthanitsa mawu akuti "nthaka yaguga" ndi "nthaka yakokoloka" ngati ndi amodzi. Amenewa ndi matenda awiri osiyana, ndipo mlimi akauzidwa dzina lolakwika amataya ndalama pa mankhwala olakwika.

Funsani adzukulu okumba manda kapena munthu wokumba chitsime. Khasu likangolowa limapeza dothi lodera, lofewa, losakanikirana ndi masamba ndi mapesi owola. Chonde chili mmenemo, ndipo mizu yambiri ya chimanga imadya mmenemo. Gawo limeneli ndi lopyapyala kuposa mmene ambiri amaganizira. Mukalipitirira mtundu umasintha: m'madera ambiri a ku Lilongwe mumatuluka katondo, wofiira ndi womata, wosunga chinyontho koma wosauka. Pansi pake pali miyala yofumbutuka, imene ikusanduka dothi pang'onopang'ono, kenako thanthwe.

Tikati nthaka yaguga, ndiye kuti dothi lapamwambalo lilipo koma latopa. Lalimidwa chimanga chaka ndi chaka, mapesi akutenthedwa, palibe chobwezeramo. Munda wotere umatsitsimuka ndi manyowa, ndi kusiya mapesi kuti awolere momwemo, ndi kasinthasintha wa mbewu monga nandolo, mtedza ndi soya.

Kukokoloka ndi nkhani yowawa kwambiri. Dothilo kulibe, lapita ndi madzi a mvula. Lina lafika mu Shire, kumene limakwirira dziwe la ku Nkula mpaka kusokoneza magetsi. Munda umene kale unali wodera nkuyamba kufiira sikuti wangotopa ayi, wasendeka, ndipo chimene mwini wake akulimacho ndi katondo wapansi uja. Angathire feteleza matumba angati, mvula ikagwa madzi amatsetsereka naye. Apa poyambira ndi kuletsa madzi kuthamanga: akalozera, mizere yopingasa, udzu wa vetiva, mitengo m'mphepete mwa mitsinje.

Nzoona kuti mavuto awiriwa amakonda kuyendera limodzi, chifukwa nthaka yoguga sigwirana ndipo imakokoloka msanga. Nchifukwa chake olemba nkhani ndi alangizi ayenera kusamala lilime. Musanalembe kuti munda waguga, kumbani kadzenje kofika m'bondo, muone ngati dothi lodera lija likadalipo pamwamba pa lofiira.