Kukonzekera ulendo wokaona nyama ku Liwonde

Anthu ambiri a m'mizinda amadziwa Liwonde ngati malo ongopumirapo popita ku Mangochi. Komatu makilomita ochepa kuchokera pa mlatho wa Kamuzu Barrage pali nkhalango yosungiramo nyama zakutchire ya Liwonde, imene gawo lake lalikulu lili m'boma la Machinga, kuyang'anizana ndi boma la Balaka kutsidya kwa mtsinje wa Shire.

Nkhalangoyi idakhazikitsidwa mu 1973, ndipo kuyambira mu 2015 bungwe la African Parks likuiyendetsa mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire. Mikango idabwezeretsedwamo mu 2018, zipembere 17 zochokera ku South Africa zidafika mu 2019, ndipo mimbulu idatsatira mu 2021. Nyama zomwe zimakopa alendozi ndi zoopsanso, choncho ulendo wabwino umayamba ndi kukonzekera munthu adakali kunyumba.

Nyengo yoyenera

Kuyambira May mpaka October udzu umakhala utauma ndipo njovu, njati ndi nswala zimasonkhana m'mphepete mwa Shire, kotero zimaoneka mosavuta. M'mwezi wa June ndi July kumazizira mbandakucha, pomwe mu October ndi November kumatentha koopsa. M'dzinja misewu ina yafumbi imasanduka matope, ndipo galimoto zing'onozing'ono zimatitimira.

Njira zofikira

Ochokera ku Blantyre amadzera ku Zomba pamsewu wa M3, pomwe ochokera ku Lilongwe amadzera ku Ntcheu ndi ku Balaka. Chipata chachikulu chili pafupi ndi tauni ya Liwonde. Opita ku Mvuu Camp angathenso kukhotera pa Ulongwe m'boma la Balaka, kusiya galimoto kugombe ndi kuoloka Shire pa boti, koma ayenera kupanganiratu ndi eni malowo. Nkofunika kuthira mafuta okwanira, kuona tayala lapadera ndi kufunsiratu mitengo ndi nthawi yotsekera chipata. Amalawi amalipira zochepa kuposa alendo akunja, motero chiphaso cha unzika chisatsale.

Zoyenera kutenga

Madzi akumwa ambiri, chipewa, nsapato zotseka, tochi ndi mankhwala odzola othamangitsa udzudzu ndi zosayenera kuiwalika. Zovala zikhale zotuwa kapena zakhaki, chifukwa zakuda ndi zabuluu zimaitana kashembe, ntchentche imene imaluma mopweteka ndipo imatha kufalitsa matenda a kaodzera. Odwala matenda amgonagona atenge mankhwala awo okwanira ulendo wonse.

M'nkhalango ndi pamtsinje

Mlendo asatsike m'galimoto kupatula pamalo ovomerezeka, ndipo kuyenda pansi kumaloledwa pokhapokha pali mlonda wa nkhalango. Njovu ikaima pamsewu, woyendetsa aime patali, asaimbe huta, ndipo asalowe pakati pa njovu ndi mwana wake. Kudyetsa anyani kumawaphunzitsa kulanda chakudya m'manja mwa anthu.

Ulendo wa pa boti ndi umene ambiri amaukumbukira, popeza mvuu, ng'ona ndi nkhwazi zimaonekera pafupi. Aliyense avale jekete lothandiza kuyandama, akhale pansi boti likamayenda, ndipo asaviike dzanja m'madzi. Kusambira kapena kuima m'mbali mwenimweni mwa mtsinje ndi kudzipereka kwa ng'ona, makamaka kwa ana. Usiku mvuu zimatuluka kukadya udzu kumtunda, choncho ogona konko asayende okha mumdima.

Pobwerera

Dera la Liwonde lili ndi udzudzu wambiri, ndipo kugona m'neti nkofunika. Zizindikiro za malungo zimayamba kuoneka patapita sabata imodzi kapena kuposerapo chilumidwire. Amene wamva kutentha thupi, litsipa kapena kuphwanya m'thupi atabwerera kwawo apite msanga kuchipatala kukayezetsa magazi, ndipo auze dokotala kumene adali.