Usiku wa Gala pa Sitima Zapamadzi

Usiku wa gala ndi madzulo amene apaulendo a pa sitima zoyendera alendo amapemphedwa kutchena popita kukadya. Mwambowu unachokera pa sitima zakale zowoloka nyanja ya Atlantic, pamene anthu a m'zipinda zodula ankasintha zovala asanadye chamadzulo.

Kampani imene yausungabe kwambiri ndi Cunard, yomwe inayamba maulendo ake mu 1840. Sitima yake ya Queen Mary 2 imatenga masiku 7 kuchoka ku Southampton kukafika ku New York, ndipo nthawi zambiri usiku wa gala umachitika kawiri pa ulendowo. Lamulo la kavalidwe limayamba 6 koloko madzulo. Abambo amavala tuxedo kapena suti yakuda, malaya oyera ndi tayi. Amayi amavala diresi lalitali, diresi lofika m'maondo kapena suti ya buluku yapamwamba. Zovala zaulemu za mtundu wa munthu, monga kilt ya ku Scotland, n'zololedwa. Kabudula, jinzi ndi masilipasi sizilowa m'chipinda chachikulu chodyera.

Palibe amene amakakamizidwa. Wosafuna kutchena amakadya kumalo odzitengera yekha chakudya, monga Kings Court, kapena amaitanitsa kuchipinda kwake. Komatu amaphonya gule wa m'chipinda chovinira cha Queens Room, amene kwa ambiri ndiye chimake cha ulendowo.

Makampani ena anafewetsa lamuloli. Norwegian Cruise Line inasiyiratu kukakamiza kavalidwe kotere, ndipo pa sitima za Carnival malaya a kolala ndi buluku labwino zimakwana. Kwa abambo ofuna kutchena, suti imodzi ndi matayi awiri zimakwanira ulendo wa sabata yathunthu.