Zolumikizira za pa bolodi ya magetsi: chimene chimaziwononga ndi kakonzedwe kake

Zolumikizira ndi tizitsulo timene timalunzanitsa mawaya ndi bolodi ya m'kati mwa wailesi, foni, TV kapena makina a sola. Zimakhala ndi mbali ziwiri: mapini amene amawotcheredwa pa bolodi, ndi kabokosi ka pulasitiki ka kumapeto kwa waya komwe m'kati mwake muli tizitsulo togwira mapiniwo. Zipangizo zambiri zimene eni ake amati zapsa zimakhala kuti bolodi yake ili bwinobwino, chawonongeka ndi cholumikizira chokha.

Chifukwa chake zimawonongeka

Magetsi akamadutsa pamalo pomwe zitsulo sizinagwirane bwino, pamalopo pamatentha. Kutenthako kumafooketsa kachitsulo kogwira pini, kugwirana kumachepanso, ndipo kutentha kumawonjezeka mpaka pulasitiki imada ndi kusungunuka. Kuchuluka kwa magetsi odutsa kukawirikiza kawiri, kutenthaku kumawirikiza kanayi.

N'chifukwa chake zipangizo za batire zimavutika kwambiri. Nyali ya mawati 60 pa batire ya mavoti 12 imakoka maampu 5, pomwe nyali ya mphamvu yomweyo pa magetsi a ESCOM a mavoti 230 imakoka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a ampu imodzi.

Ku Chipoka, doko la m'mphepete mwa nyanja ya Malawi kumwera kwa boma la Salima, kulinso mdani wina: chinyontho. Madzi a nyanjayi alibe mchere ngati a nyanja zikuluzikulu, koma mpweya wotentha ndi wachinyontho, makamaka m'nyengo ya mvula kuyambira Novembala mpaka Epulo, umachititsa dzimbiri pa mapini. Mchenga ndi fumbi zimalowa pobayira chaja ya foni, ndipo kugwedezeka kwa boti ya injini kumang'amba pamene mapini anawotcheredwa. Msodzi wa usipa amadalira kuwala kwa nyali kuti nsomba zisonkhane usiku. Nyali ikazima pakati pa nyanja chifukwa cha cholumikizira chimodzi, ulendo wonse pamodzi ndi mafuta ake umapita pachabe.

Phunziro lochokera ku makina a pinball

Vutoli linadziwika bwino pakati pa okonza pinball, masewera a m'bokosi lagalasi momwe wosewera amamenya kampira kachitsulo. Makampani a Gottlieb, Bally ndi Williams, onse a ku Chicago m'dziko la America, anayamba kuika mabolodi m'makinawa cha m'ma 1977. Nyali zambiri zowalitsa bwalo la masewerawa zinali za mavoti 6.3, ndipo magetsi ake onse ankadutsa pa mapini ochepa otalikirana mamilimita 3.96. Popeza makina ankayaka tsiku lonse m'mabala, zolumikizirazo zinkapsa. Ngakhale The Addams Family, makina a 1992 amene anagulitsidwa oposa 20,000, amadziwika ndi vuto lomweli. Mabatire ang'onoang'ono amene ankaikidwa pa bolodi kuti asunge chiwerengero cha masewera nawonso ankatayikira n'kudya mapini.

Zimene amisiriwa anapeza zimagwira ntchito ngakhale pa wailesi kapena pa makina a sola: cholumikizira chikapsa, asinthe mbali zonse ziwiri. Pini yatsopano ikalowa m'kachitsulo kakale kofooka imapsanso posakhalitsa.

Zizindikiro

Chipangizo chimayaka n'kuzima chokha, kapena chimagwira ntchito munthu akagwedeza waya. Foni imatchaja pokhapokha chaja itapendekeka. Pulasitiki yozungulira mapini imaoneka yofiirira kapena yakuda, ndipo pamamveka fungo la zopserera. Mapini amathanso kukutidwa ndi ufa wobiriwira kapena woyera. Kuseri kwa bolodi, galasi lokulitsa zinthu limaonetsa kamng'alu kozungulira tsinde la pini.

Kakonzedwe kake

Mmisiri amayamba ndi kuzula pulagi ndi kuchotsa batire. Mu TV ndi mu inveta muli makapasita amene amasunga magetsi oopsa ngakhale chipangizo chitazimitsidwa, choncho wosadziwa ntchitoyi asatsegule. Asanachotse waya uliwonse, mmisiri wanzeru amajambula chithunzi pa foni kuti asadzasokoneze mawaya pobwezera.

Kenako amatsuka malowo ndi sipiliti ndi mswachi wofewa. Ufa wotuluka m'mabatire a alkaline amaupha ndi viniga pang'ono, pomwe asidi wa batire ya galimoto amamupha ndi soda wosungunula m'madzi. Akatero amatsukanso ndi kuumitsa bolodi kotheratu. Kupala mapini ndi sandipepa kumathandiza masiku owerengeka chabe, chifukwa kumachotsa chitsulo chopyapyala chimene chimawateteza ku dzimbiri.

Ngati vuto ndi mng'alu wokha, amachotsa solder yakale n'kuwotcherera yatsopano. Solder ndi chitsulo chofewa chomwe chimamata pini ku bolodi. Yosakaniza tini ndi mtovu imasungunuka pa madigiri 183 mpaka 190, pomwe yopanda mtovu, imene ili m'zipangizo zambiri zopangidwa kuyambira 2006, imafuna pafupifupi madigiri 217. Chowotcherera chisakhalitse pa pini imodzi kupitirira masekondi ochepa, chifukwa timizere ta kopa timatha kumatuka pa bolodi. Kamzere kakaduka, amakalumikiza ndi kawaya kakafupi.

Ngati mapini apsa, amawachotsa onse n'kuika atsopano a msinkhu womwewo, kenako amadula nsonga yopserera ya waya mpaka kopa woyera ataoneka, n'kufinyirapo tizitsulo tatsopano. Ena amafupikitsa ntchito powotcherera waya pa pini penipeni. Chipangizo chimayaka ndithu, koma wodzakonza mtsogolo sangachotse bolodi popanda kudula mawaya. Pomaliza, asanayatse, mmisiri amayeza ndi mita kuti atsimikize kuti magetsi akudutsa ndiponso kuti mapini oyandikana sakukhudzana.

Utsi wa powotcherera umapweteka pachifuwa ndipo mtovu ndi poizoni, choncho ntchitoyi imafuna malo opita mphepo ndi kusamba m'manja asanadye.

Kupewa

Pozula, munthu agwire kabokosi ka pulasitiki, asakoke waya. Mabatire achotsedwe mu wailesi kapena tochi yomwe ikhale miyezi osagwira ntchito. M'boti, zolumikizira za nyali ziikidwe pamalo okwera, zipakidwe girizi pang'ono ndi kukutidwa kuti madzi asazifikire, ndipo waya ukhale wonenepa mokwanira maampu amene ukunyamula. Cholumikizira chikayamba kutentha pochigwira, ndiye kuti nthawi yochisintha yakwana. Chikasiyidwa chimapsereza bolodi yomwe, imene mtengo wake ndi waukulu kuposa wa mapini.