Mbiri Yobisika M'misewu ya Cape Town

Mlendo ndi mame, adatero akale, sachedwa kukamuka. Munthu amene wafika mumzinda wa Cape Town, ku South Africa, kudzapumulako masiku awiri kapena atatu, kawirikawiri amabwerera kwao atangoona phiri la Table Mountain, nyanja ndi nyumba zokongola. Amadya, namwa, nanyamuka. Koma misewu yakale ya mzindawu, chakudya chake ndi vinyo wake zili ndi mbiri yoyenera kuimva, ndipo mbali ina ya mbiriyo idachokera kufupi ndi dziko lino la Malawi.

Mlendo wofuna kumvetsa ayambire kumunda wotchedwa Company's Garden, pakati penipeni pa mzindawo. Pa 6 Epulo 1652 Jan van Riebeeck adakocheza pagombe limeneli ndi zombo zitatu, atatumidwa ndi kampani ya Adatchi ya Dutch East India Company. Sadamtume kudzamanga mzinda ayi. Adamtuma kudzalima ndiwo zamasamba ndi kupeza nyama ndi madzi, popeza amalinyero a paulendo wautali wa kummawa ankatha ndi nthenda ya chiseyeye chifukwa chosowa zakudya zaziwisi. Munda umenewu ulipo mpaka lero, ngakhale udachepa.

Komatu malowo adali ndi eni ake. Anthu a mtundu wa Khoikhoi ankadyetsa ng'ombe ndi nkhosa zao m'madambo amenewa. M'chaka cha 1657 kampani idagawira ena mwa antchito ake minda m'mbali mwa mtsinje wa Liesbeek, ndipo mu 1659 nkhondo idabuka chifukwa cha msipu. Eni nthaka adagonja. Mliri wa nthomba wa 1713 udapulula ambiri mwa otsalawo.

Minda idafuna manja, ndipo manjawo adagulidwa. Akapolo ochuluka oyamba adafika mu 1658. Kumapeto kwa msewu wa Adderley Street, moyandikana ndi munda uja, kuli nyumba yotchedwa Slave Lodge, yomangidwa mu 1679, m'mene kampani inkatsekera akapolo ake usiku. Pofika 1808 anthu oposa 60,000 adali atabweretsedwa ku Cape kuchokera ku Madagascar, India, Ceylon, zilumba za Indonesia ndi Mozambique. Ambiri ankalandidwa ngakhale maina ao, napatsidwa dzina la mwezi. Ndicho chifukwa chake mpaka lero kuli mabanja otchedwa January, April kapena September.

Pa 27 Disembala 1794 chombo cha Apwitikizi chotchedwa São José, chimene chidanyamuka pachilumba cha Mozambique ndi akapolo oposa 500 kulunjika ku Brazil, chidasweka pamiyala pafupi ndi gombe la Clifton. Oposa 200 adamira. Amene adapulumuka m'madzi sadapulumuke ukapolo: adagulitsidwa ku Cape komweko. Zotsalira za chombocho zidalengezedwa kuti zapezeka mu 2015. Lero Clifton ndi gombe la anthu olemera, ndipo ambiri osambira kumeneko sadziwa zimene zili pansi pa madziwo.

Kuchoka ku Slave Lodge, msewu wa Wale Street umakwera chitunda mpaka ku Bo-Kaap, m'munsi mwa phiri la Signal Hill. Kumeneku misewu ina idakali yoyala miyala, ndipo nyumba zing'onozing'ono zogundana n'zopakidwa utoto wowala wamitundumitundu. M'derali mudakhazikika amisiri, atelala ndi ophika, ambiri a iwo Asilamu, ana a akapolo ndi a akaidi ochokera kummawa. Mumsewu wa Dorp Street muli mzikiti wa Auwal, woyamba m'dziko lonselo, wokhazikitsidwa mu 1794. Mtsogoleri wake woyamba, Tuan Guru wa ku chilumba cha Tidore, adakhala zaka zingapo m'ndende ya Robben Island, kumene adalemba Korani kuchokera pamtima.

Chakudya chimene mzindawu umanyadira chidabadwira m'makhitchini momwe akapolo ankaphikira ambuye ao. Bobotie ndi nyama yogaya yothira zokometsera, yophimbidwa ndi mazira osakaniza ndi mkaka, ndipo amadyera mpunga wachikasu. Bredie ndi nyama ya nkhosa yophikidwa pamoto wochepa nthawi yaitali, pamodzi ndi matimati kapena masamba. Koesister amafanana ndi mandasi, koma amawaviika m'madzi a shuga ndi kuwawaza kokonati, ndipo amadyedwa makamaka Lamulungu m'mawa. Palinso nsomba ya snoek yowamba kapena yootcha, ndi achali amene omvera ambiri amamdziwa bwino. Wophika wogulidwa sadaloledwe kunyamula kanthu pochoka kwao, koma luso la manja ake adafika nalo.

Nanga vinyo? Van Riebeeck adadzala mphesa mu 1655, ndipo pa 2 Febuluwale 1659 vinyo woyamba wa ku Cape adafinyidwa. Mu 1685 Simon van der Stel adatsegula munda wa Constantia kuseri kwa phiri, ndipo mu 1688 kudafika Afalansa othawa chizunzo cha chipembedzo, ena mwa iwo odziwa ulimi wa mphesa. Hendrik Cloete atagula Groot Constantia mu 1778, vinyo wozuna wa kumeneko adatchuka m'nyumba za mafumu a ku Ulaya. Napoleon yemwe ankamwa vinyo wa ku Constantia ali m'ndende pachilumba cha St Helena. Koma amene ankalima, kutengulira ndi kuponda mphesazo adali akapolo, ndipo m'minda ingapo yakale belu lowadzutsira likadali chiimire.

Ukapolo udathetsedwa pa 1 Disembala 1834, koma omasulidwawo adakakamizidwa kutumikira ambuye ao zaka zina zinai, mpaka 1838. Chipukutamisozi chidaperekedwa kwa eni akapolo, osati kwa akapolowo. M'minda mudatsala chizolowezi chotchedwa dop, cholipira antchito mbali ya malipiro ao ndi vinyo. Lamulo lidachiletsa mu 1960, komabe chidapitirira m'minda ina kwa zaka zambiri, ndipo chidasiya uchidakwa m'mabanja ndi ana obadwa olumala ubongo chifukwa cha mowa.

Tsiku lomaliza mlendo apite ku Buitenkant Street, kunyumba yosungira mbiri ya District Six, yotsegulidwa mu 1994. Pa 11 Febuluwale 1966 boma la tsankho lidalamula kuti dera limeneli likhale la azungu okha, ndipo anthu oposa 60,000 adasamutsidwa, nyumba zao n'kugumulidwa. Patsiku lomwelo zaka 24 pambuyo pake, pa 11 Febuluwale 1990, Nelson Mandela adalankhula kwa khamu la anthu ali pakhonde la City Hall, atangotuluka m'ndende. Malo awiriwa ndi oyandikana, mtunda woyenda pansi mphindi zochepa.

Palibe choipa kuti mlendo adye bobotie ndi kulawa vinyo wa ku Constantia. Ophika ndi alimi a lero amadalira malonda amenewo. Koma munthu wamakhalidwe akadya pakhomo pa eni amafunsa amene waphika, nathokoza. Ophika oyamba a ku Cape adalandidwa maina ao, kotero palibe wowatchula. Chimene mlendo angawachitire ndi kukumbukira kuti adaliko, ndi kukawauza a kwao akabwerera.