Mankhwala a Banja la Aminoglycoside

Aminoglycoside ndi banja la mankhwala opha mabakiteriya, ndipo mwana woyamba m'banjamo ndiye streptomycin, amene Albert Schatz, pogwira ntchito pansi pa Selman Waksman ku Rutgers University m'dziko la America, adamupeza m'tizilombo ta m'dothi m'chaka cha 1943, ndipo streptomycin adakhala mankhwala oyamba kugonjetsa chifuwa chachikulu. Pambuyo pake kudadza gentamicin m'chaka cha 1963, kenaka amikacin. Mankhwala a m'banjali amapha bakiteriya pomuletsa kupanga mapuloteni. Koma popeza matumbo sawayamwa, amaperekedwa ndi jakisoni, pamnofu kapena mumtsempha, ndipo impso ndizo zimawatulutsa m'thupi.

Walira mvula walira matope. Mankhwala omwewa amene amawombola khanda lodwala matenda a m'magazi, gentamicin ataperekedwa pamodzi ndi penicillin, akachuluka kapena akakhalitsa amavulaza impso ndi makutu. Ndipo ngakhale impso kawirikawiri zimachira mankhwala akalekedwa, khutu likagontha silibwereranso, chimene chili chomvetsa chisoni koposa pa mwana amene sanayambe kulankhula. Chifukwa chake namwino ayeze kulemera kwa wodwala asanatunge mlingo, ayang'anire kuchuluka kwa mkodzo ndi creatinine m'magazi, asasakanize gentamicin ndi penicillin m'sirinji imodzi, achenjere ndi okalamba, amayi apakati, odwala matenda a myasthenia gravis ndi onse olandira mankhwala a furosemide. Wodwala akadandaula chizungulire, kulira kwa m'makutu kapena kusamva bwino, namwino aimike mlingo wotsatira ndipo adziwitse dokotala msanga.